Bulu Amene Ndinasungitsidwa

Takondwa ndi Pemphero, ana anga, za ubwana wanga ku Kanduku ndinakuuzani kale pakamwa, ndipo mulibe chachilendo: kulima, kutunga madzi, sukulu. Pano ndilemba za ntchito yanga ya kupaki, makamaka za bulu mmodzi, chifukwa pali mawu amene ndikufuna muwadziwe ine ndisanayambe kuiwala. Zambiri ndazikumbukira powerenga timabuku tanga takale, tija munkandiseka nato kuti ndimalemba ngakhale za mvula.

1994, chaka cholowa ntchito

Ndinalembedwa ntchito patangopita miyezi yochepa chichitikire chisankho cha matipate. Ndinali nditangomaliza Fomu 4, mayeso osakhoza bwino, ndipo ndinali wamanyazi moti aphunzitsi ena anamaliza nane chaka osadziwa mawu anga. Paki inali itangotsegulidwa kumene, kunja pang'ono kwa boma, mukapatuka pamsewu wa ku Thambani. Kale unali munda wophunzitsirapo alimi, kenako komiti yoyang'anira inaganiza kuti Loweruka ndi Lamlungu mabanja azibwera kudzaona ziweto ndi kuyenda m'tinjira. Anthu anaseka. “Ndilipire kuti ndikaone mbuzi? Kwathu zimandidyera chimanga ulere, ndimaziona tsiku lililonse.” Tinali ndi mbuzi za mkaka za makutu ataliatali, nkhumba zoyera, abakha, nkhanga zoweta ndi mbira. Kanjira kankayambira pakhola la mbuzi, kudutsa m'munda wa manachesi, kukwera kachitunda komwe munthu amaona mapiri a ku Mozambique, n'kutsikira kudambo.

Bwana wanga woyamba anali a Banda, a ku Ntchisi, munthu wamtali woseka mokweza. Anandiika pageti, koma Lamlungu loyamba lomwelo anaona kuti alendo akuwerama kuti amve zimene ndikunena. “Edina,” anatero, “iwe mawu ako ndi a mbira. Pita ukakhale ndi anzako.” Sananene mwachipongwe, ndipo ine ndinasangalala. Mbira sizifunsa mafunso.

Tsiku lina pakati pa sabata, a Banda atapita ku ofesi kuboma, panafika bambo wina wowonda, wovala chipewa chaudzu, akukoka kangolo, bulu wamng'ono akubwera pambuyo pake. Inali nthawi imene anthu othawa nkhondo ankabwerera kwawo ku Mozambique. Atafika pafupi ndi khola anatembenuka n'kuitana, “Minina!” Ine ndinkadziwa kuti kwa anthu a kutsidya minina ndi mtsikana, choncho ndinathamanga n'kugwada. Bamboyo anaseka mpaka kutsokomola. Ankaitana buluyo. Anati dzina lawo ndi a Zuze, ndipo Chichewa chawo chinali chosakanikirana ndi Chinyungwe, koma ndinamva zonse.

“Mwana wanga, mawa tikukwera malole. Akuti lole ndi ya anthu ndi mapoto, bulu ayi. Njira zapansi zili ndi mabomba okwirira. Ndamva kuti kuno mumasunga nyama osazidya.”

“Abwana kulibe,” ndinatero, maso ali pansi.

“Sindikufuna abwana. Abwana amasamutsidwa. Iwe ndiwe wa konkuno?”

“Wa ku Kanduku.”

“Basi.” Anagwira chingwe ndi manja awiri n'kuchiika m'manja mwanga. “Sindikugulitsa, sindikupereka. Ndikusungitsa. Ndikakamanga nyumba ndidzabwera.”

Inu munakulira paboma, mwina simudziwa kulemera kwa mawu amenewa. Kumudzi munthu akakusungitsa mbuzi, mbuziyo imakhala yake ngakhale papite zaka zingati. Iwe umaidyetsa, kuipatsa mankhwala, kuiteteza kwa afisi, ndipo ikaswa mwini wake amakugawirako mwana. Tsiku limene waifuna, umamasula chingwe. Asanachoke, a Zuze anandiphunzitsa mawu atatu okha a Chipwitikizi amene Minina ankamva: anda kuti ayende, para kuti aime, divagari kuti ayende pang'onopang'ono. Anamugwira khutu, kumunong'oneza kanthu, n'kupita osacheuka.

A Banda atabwera anakondwa kwambiri, ndipo anauza komiti kuti paki yalandira mphatso. Ndinawauza kuti mwini wake anati akusungitsa. “Edina, amene akuwolokawa sadzabweranso,” anatero. “Imeneyi ndi mphatso basi.” Ndipo kwa aliyense inakhala mphatso.

Zaka za kangolo

Vuto linali lakuti Minina sankamva Chichewa. A Banda anayesa “tiye”, anayesa Chingerezi, anayesa kukankha, buluyo anangowayang'ana ngati munthu wodikira basi. Mawu ndinali nawo ine, koma ndikanong'ona sankasuntha ngakhale khutu. Ndinayamba kupita naye kudambo m'mawa, kumene kunalibe anthu, n'kumayeserera. Tsiku lina ndinatseka maso n'kukuwa ndi mphamvu zanga zonse, “Anda!” Minina anayenda. Nthawi yomweyo a Banda, atamva ngati ndakuwa dzina lawo, anatuluka mu ofesi, cholembera chili m'manja. “Ndani akundiitana ngati mwana wake?” Ataona kuti ndi ine anakhala pansi pamwala n'kuseka mpaka misozi. Kuyambira pamenepo, ndikakuwa “Anda!” iwo ankayankha kulikonse kumene ali, “Ndili pano, bwana!” ndipo alendo ankayembekezera zimenezi ngati mbali ya ulendo.

Tinaika mabenchi awiri m'kangolo muja, ndipo paki inasintha. Lamlungu anthu akaweruka kutchalitchi ankabwera ndi mikeka, thobwa m'zigubu, mbatata zophika ndi zitumbuwa. Aphunzitsi ndi anamwino a paboma ankabwera wapansi, ena ochokera ku Thambani ankadzaza pikapu, ndipo madalaivala a malole amene ankadikira mapepala kumalire ankabwera okhaokha n'kumaonerera ana a eni, akukumbukira awo. Aja ankati mbuzi amaziona ulere ndi amene ankayamba kufika. Ana sankatha kunena para. Ankamva ngati phala, ndipo ankakhulupirira kuti bulu amaima akalonjezedwa phala. Tikafika pachitunda onse ankakuwa pamodzi, “Phala! Phala!” Minina n'kuima, iwo n'kuomba m'manja. Mwana wina anafika pobweretsa phala lenileni m'kapu, amayi ake osadziwa.

Bambo anu ndinawadziwira pakanjira komweko. Anabwera ndi ana a mlongo wawo, sabata yotsatira anabweranso nawo, kenako anabwera ndi ana ena amene sankafanana nawo n'komwe. Kamtsikana kena kanandifunsa m'kangolo, “Anti, bambo awa dzina lawo ndani?” Anali atabwereka ana a aneba. Iwe Takondwa unakwera kangolo kameneka uli kumsana kwanga, usanadziwe n'kukhala komwe.

2002, chaka cha njala

A Banda anali atapuma ntchito n'kubwerera kwawo. Ine ndinapatsidwa udindo woyang'anira paki tsiku ndi tsiku, ndipo pamwamba panga panali mayi Nyirenda, a ku Rumphi, amene anatumizidwa ku ofesi ya paboma. Anali mayi wolankhula mwachindunji, wosakonda kuzungulira, ndipo ankagwira ntchito kuposa tonsefe. Chaka chimenecho madeya amene tinkapatsa nkhumba anasanduka chakudya cha anthu. Pachigayo ankachita kulimbirana. Tinagulitsa nkhumba zonse, abakha anatha mmodzimmodzi, ena kubedwa, ndipo sindinafune kufufuza kuti anaba ndani. Minina yekha sanavute, chifukwa ankadya udzu ndi mapesi. Pakati pa sabata ankanyamula odwala a m'midzi yapafupi kupita nawo kuchipatala. Lamlungu mabanja ochepa ankabwerabe, opanda zigubu, opanda mbatata. Mayi Nyirenda anandiuza kuti geti ndizingolisiya lotsegula. Ana ankakwera kangolo ali chete, ndipo pachitunda ndinkayenera kuyambitsa ndine kuti “Phala!” Tsiku lina nditatero kamnyamata kena kanandiyang'ana n'kufunsa, “Lili kuti?” Kuyambira tsiku limenelo mpaka kukolola ndinkaimitsa Minina ndi chingwe.

Njala itatha tinatsala ndi mbuzi zochepa, mbira ndi bulu. Komiti inanena poyera kuti ngati mabanja sabwerera mwaunyinji, malowo abwereketsedwa kwa alimi a fodya. Amene ankabweretsa mabanja anali Minina. Aliyense ankadziwa zimenezo.

2003, nyengo ya manachesi

Linali Lamlungu lodzaza bwino, loyamba lotero chithere njala. Tinali m'munda wa manachesi, kangolo kodzaza ana, pamene Minina anaimika makutu. Pansi pa mtengo panakhala bambo wachikulire wa chipewa chaudzu. Sanakuwe. Anangoti “Minina” ngati akulankhula ndi munthu amene wakhala naye pamphasa. Buluyo anasiya kanjira, kudutsa pakati pa mikeka ya anthu, kugubuduza chigubu cha thobwa, ana akukuwa “Phala! Phala!” osamveredwa, mpaka anakaika mphuno pachifuwa cha bamboyo. Ndinawazindikira ndisanawaone nkhope.

“Mwakula, minina,” anatero a Zuze. Tsopano ankanditchula kuti inu. “Ndipo mwamusunga. Taonani msana wake.”

Tinakhala pabenchi la kukhola la mbira. Anandifotokozera kuti malole anakawasiya kutali kwambiri, kuti nyumba yoyamba inagwa ndi mvula, kuti anaika maliro a mwana wawo wamkulu, ndipo kuti tsopano asamukira kumudzi kwa akazi awo, kuseri kwa Zobue, kungowoloka malire. Akazi awowo miyendo inali itafa. Madzi anali kutali, chipatala kutali, ndipo iwo msana sunkalolanso kubereka munthu wamkulu. Atamaliza anayang'ana ana amene anaima pamzere kudikira kangolo.

“Sindinadziwe kuti ali pantchito yaikulu chonchi,” anatero. “Ndibwera Lamlungu likudzali. Mukadzati ayi, ndidzamva.”

Lolemba m'mawa ndinapita ku ofesi. Mayi Nyirenda anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anavula magalasi.

“A Edina, komiti imadziwa kuti bulu uja ndi mphatso. Pali pepala lililonse?”

“Palibe.”

“Panali mboni?”

“Ndinali ndekha.”

“Ndiye mukufuna ndikauze komiti kuti katundu wa paki waperekedwa kwa munthu wa dziko lina chifukwa bulu anamununkhiza? Bamboyo wanena yekha kuti mukakana amva. Mupatseni manachesi, mumuthokoze. Bulu akachoka paki itsekedwa, ndipo ntchito yanu ithera pomwepo. Muli ndi mwana, winanso ali m'njira. Mwaganiza zimenezo?”

Ndinali nditaganiza. Amene anali m'njirayo ndiwe, Pemphero. Mayi Nyirenda sankanama ndipo sanali ouma mtima. Ankateteza malo amene anawagwirira ntchito chaka chonse cha njala. Sabata imeneyo ndinkapesa Minina m'mawa uliwonse ndikudziuza kuti a Zuze akhoza kupeza bulu wina kwawo, kuti zaka zisanu ndi zinayi ndi zambiri, kuti ana a Mwanza yense ndi ochuluka kuposa mayi mmodzi. Zonsezo zinkamveka bwino mpaka ndikagwira chingwe. Bambo anu sanandiuze chochita. Anangofunsa, “Amake Takondwa, bambo ajawa anati chiyani pokupatsani?” Nditabwereza mawuwo anati, “Aa, ndiye nkhani yake ndi yovuta,” n'kupitiriza kukonza njinga.

Lachisanu ndinapempha kulankhula pamaso pa komiti. Anali anthu akuluakulu, ena ovala mataye, ndipo ine chiyambire ntchito ndinali ndisanatsegulepo pakamwa pamsonkhano. Nditayamba, wapampando anati, “Kwezani mawu, mayi, sitikumva.” Ndinakumbukira kudambo kuja. Ndinakweza monga ndimakwezera kwa Minina, moti mlembi anadzidzimuka.

“Bulu uja si wa paki! Anandisungitsa ine. Chingwe anachiika m'manja mwanga.”

Panabuka mkangano. Ena anati mawu apakamwa si umboni. Bambo wina wa komitiyo, mlimi wa ku Thambani, anati iye ali ndi mbuzi zosungitsa kwa mlamu wake ndipo sanalembepo pepala, nanga mlamuyo anene kuti ndi mphatso? Pomaliza sanagwirizane. Wapampando anati komiti silamula kuti bulu apite, koma siyitananso apolisi, ndipo amene amasule chingwe adzasenza yekha zotsatira zake. Potuluka mayi Nyirenda anandigwira pamkono. “Ndikuonabe kuti mukulakwitsa,” anatero. “Koma pitani kwa a zaziweto mukatenge chilolezo chowolotsera. Musamuyendetse bambo wachikulire njira zamtchire.”

Lamlungu a Zuze anafika m'mawa, koma anakana kunyamuka mpaka mwana womaliza atakwera. Ulendo womalizawo anayendetsa okha, ndipo pachitunda ana atakuwa “Phala!” a Zuze anandiyang'ana modabwa. Nditawafotokozera anaseka mpaka kutsokomola, ngati tsiku loyamba lija. Kangolo anakasiya. Anati kwawo akhoma kena, aka ndi ka ana. Ndinagwira chingwe ndi manja awiri n'kuchiika m'manja mwawo. Iwo anati “Anda,” ndipo Minina anatuluka pageti osacheuka, ngati mwini wake.

Zaka zopanda bulu

Komiti inandichotsa pa udindo. Ndinabwerera kukhola la mbira, ndipo paki inayamba kutsegulidwa Lamlungu lokha. Alimi a fodya anabwera kudzayendera malo kawiri. Anthu ena paboma anasiya kundipatsa moni, ndipo mayi wina pamsika ananena mokweza kuti ndinagulitsa bulu wa ana kwa Apwitikizi. Zimenezo zinandipweteka kuposa udindo.

Lamlungu lina iwe Takondwa unakwera m'kangolo kopanda kanthu kaja n'kukana kutsika. Ana ena anakutsatira. Bambo anu anayang'ana uku ndi uku, anavula jekete la kutchalitchi, n'kulowa pakati pa mitengo yokokera. Iwe unakuwa “Anda!” ndipo anayenda. Pofika m'munda wa manachesi anali atanyowa ndi thukuta, ndipo mphunzitsi wina anavula nsapato n'kuwalandira. Pachitunda ana anakuwa “Phala!” mphunzitsiyo n'kuima, akupuma ngati ng'ombe, n'kunena kuti, “Likhale la shuga.” Sabata yotsatira ana anabwera atakoka abambo awo. Ndinaona akalaliki, apolisi ndi madalaivala akulamulidwa ndi ana awo m'Chipwitikizi, amayi ali pamikeka akupereka mamakisi. “Wanuyo ndi waulesi, amake Joji, mukamusinthe kumsika!” Anthu sanachuluke ngati nthawi ya Minina, koma anakwana kuti komiti izengereze, ndipo alimi a fodya anakapeza malo kwina.

Patapita zaka ziwiri ndi miyezi, m'mawa wina ndikusesa khola, ndinamva munthu akuti “Minina.” Ulendo uno ankaitana ine. A Zuze anaima pageti ndi kabulu kaubweya, ka miyendo yaitali kuposa thupi. Anati akazi awo tsopano amapita kuchipatala atakhala m'ngolo ngati a bwanamkubwa, ndipo Minina anaswa chaka chathachi.

“Mwana woyamba ndi wa wosunga,” anatero. “Uyu si wa paki, si wa komiti. Ndi wanu. Uyu ndiye ndikupereka.”

Ndinawauza kuti sindinkayembekezera kanthu. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. “Mumafuna anthu akwathu azinena kuti Zuze anasungitsa zaka zonsezo n'kungotenga chingwe?”

Mayi Nyirenda atamva anabwera ndi galimoto ya ofesi. Anazungulira kabuluko, kenako anati, “Ameneyu tilembe bwinobwino kuti ndi wa ndani, tisadzakanganenso.” Chaka chomwecho anapempha komiti kuti indibwezere udindo. Sananenepo kuti iwo analakwitsa, ndipo ine sindikuganiza kuti analakwitsa. Paki ikanatha kutsekedwa ndithu.

Dzina anapereka ndi ana, ndipo mukulidziwa: Phala. Linali dzina loipa kwa bulu wa ngolo, chifukwa nditamuphunzitsa mawu atatu a amake, aliyense womuchemerera ankamuimitsa. Mpaka lero ulendo wa kuchitunda umatenga nthawi yaitali kuposa kale. A Zuze sindinawaonenso. Ndinamva kwa wosintha ndalama wina wa kumalire kuti anamwalira, ndipo kuti Minina anakalambira pakhomo pa mwana wawo wamkazi.

Chaka chopuma ntchito

Maondo ndi amene anandipumitsa, nditagwira zaka makumi atatu. Pa tsiku lotsanzikana panabwera anthu amene ndinawakweza m'kangolo ali ana, atanyamula ana awo. Mayi Nyirenda, amene anapuma kale, anabwera kuchokera ku Blantyre. Wapampando watsopano polankhula anathokoza kuti ndikusiyira paki mphatso ya bulu. Ndinaimirira. Ndinaitana Lonely, mtsikana amene watenga malo anga, ndinagwira chingwe cha Phala ndi manja awiri n'kuchiika m'manja mwake, ndipo ndinanena mokweza kuti a kumbuyo amve:

“Sindikugulitsa, sindikupereka. Ndikusungitsa.”

“Mwamva nonse?” anakuwa mayi Nyirenda ali pampando. “Wapampando, mayi awa musawayese. Ine ndinayesa.”

Ndiye dziwani, Takondwa ndi Pemphero, kuti bulu amene ali kupaki ndi wathu, ndipo ine ndikadzapita adzakhala wanu. Palibe amene angakukanizeni. Koma tsiku limene mudzafune kukamutenga, musadzapite pakati pa sabata. Mudzapite Lamlungu anthu ataweruka kutchalitchi, mukakhale pansi pa mtengo wa nachesi, ndipo musakamuitane mpaka mwana womaliza atatsika.